Ulendo wa ana a Fomu 3 ku Lilongwe: nkhani ya chiliza cha Kamuzu

Aphunzitsi a Mbiri:
Makolo nonse mwaswera bwanji? Ndabwera ndi nkhani ya ulendo wa ana athu a Fomu 3 umene tinaukamba pamsonkhano uja. Ife aphunzitsi takonza chonchi: tinyamuke pa Boma pano pa Mangochi m'bandakucha, tikafike ku Lilongwe dzuwa lisanafike paliwombo, tikayambe ndi Nyumba ya Malamulo, kenako tikaone chiliza cha Kamuzu poti chili pafupi pomwepo, ndi kukamalizira pa nsanja yokumbukira asilikali pamene pali chiboliboli chake. Tikagona usiku umodzi. Mwana aliyense K45,000, muli galimoto, pogona ndi chakudya. Tipatseni maganizo sabata ino isanathe kuti kalata yopempha chilolezo ku Nyumba ya Malamulo ipite nthawi ikadalipo.

Make Fatuma:
K45,000 aphunzitsi? Ndi mwera umenewu? Ngalawa zagona pagombe masiku onsewa, usipa sukuoneka, ine ndikaitenga kuti? Bwanji angopita ndi kubwerera tsiku lomwelo, tichotseko za pogonazo.

Bambo a Idrissa:
Make Fatuma, msewu umenewo ndimauyenda ndi minibasi, ndikuuzeni zoona. Njira yachidule ndi yodzera ku Golomoti n'kukwera Khwekhwelere kukatulukira ku Dedza. Mukadzera ku Salima mwazungulira, mukadzera ku Liwonde ndi Balaka ndiye mwazunguliratu. Kupita kokha ndi maola anayi kapena asanu, kutengera galimoto yake ndi maenje ake. Kubwerera tsiku lomwelo ndiye kuti mutsika Khwekhwelere usiku, basi yodzaza ana, dalaivala atatopa. Wanga sindingamukweze. Bola agone.

Bambo a Twaha:
Ine pempho langa ndi la tsiku. Lisakhale Lachisanu chonde, ana ena asaphonye swala ya Juma. Ndiponso ophika adziwe kuti ambiri mwa ana athu sadya nyama yosachinjidwa mwa Chisilamu. Ngati n'zovuta, nyemba ndi mazira zakwana.

Aphunzitsi a Mbiri:
Zamveka Che Twaha. Tiyesa Lachitatu ndi Lachinayi. Masiku amenewo ndi abwinonso chifukwa ngati aphungu akukumana, ana akhoza kukhala m'mwamba muja n'kumvera zokambirana.

Malume a Yamikani:
Moni nonse kumudzi. Ine ndimakhala kuno ku Lilongwe, ku 25, Yamikani ndi mwana wa mlongo wanga. Kuchilizako ndinapitako ndi alendo, ndiye ndifotokozeko kuti ana asakadabwe. Malowo ndi aukhondo, pali udzu wotchetcha bwino, ndipo kuchokera ku Nyumba ya Malamulo mukhoza kuyenda wapansi. Mumakwera masitepe, kutsogolo kuli chithunzi chachikulu cha Ngwazi, ndiye pali zipilala zinayi zolembedwa ngodya zake zija: Umodzi, Kukhulupirika, Kumvera ndi Kusunga Mwambo. Amene anatiperekeza anatiuza kuti manda amene mumaona pamwambapo ndi chifanizo chabe, thupi lili m'chipinda chapansi chomwe alendo salowamo. Ife pakhomo sitinalipire, tinangomuthokoza woperekezayo ndi kangachepe. Theka la ola mwamaliza. Ana asakayembekeze nyumba yodzaza ndi katundu wake, mulibe.

Make Fatuma:
Theka la ola basi? Ndalama zonsezo?

Mayi a Tadala (Msungichuma):
Iii Make Fatuma, akukaonanso Nyumba ya Malamulo ndi Capital Hill. Ana ena pano sanadutsepo pa Monkey Bay Turn-off chibadwire.

Agogo a Shakira:
Ndawerenga zonse, mwana wanga wandithandiza kulemba chifukwa maso anafooka. Shakira ndimamulera ndine. Ku Nyumba ya Malamulo apite, ndalama ndipeza. Koma kumandako ayi, akatsale m'basi. Ine kwathu ndi kutsidya, mbali ya Malindi. Mu 1965 ndinali mtsikana wotha kusinja ndi kutunga madzi, ndipo zimene zinachitika kwathu ndinaziona ndi maso angawa. Nyumba zinapsa. Tinagona m'tchire. Malume anga anawatenga m'mawa atangovala nsalu ya m'chiuno, anabwerera patapita zaka ali munthu wosalankhula. Lero mdzukulu wanga akaime pamenepo manja kumbuyo, mutu pansi, wina akumuuza kuti uyu ndi tate wa fuko? Mlandu suwola, aphunzitsi.

Bambo a Twaha:
Pepani amama. Nkhani zimenezo ifenso tinakula tikuzimva monong'ona. Bambo anga ankati ukatchula dzina la Chipembere uyambe wasuzumira kuseri kwa nyumba.

Bambo a Chisomo:
Agogo, ulemu wanu ndaupereka, ndipo sindikutsutsa zimene munaona. Koma ndilankhuleko ngati munthu amene ndinagwira ntchito m'boma nthawi imeneyo mpaka kupuma. Munthu uyu anafika pa Chileka pa 6 July 1958 dziko lili m'chitaganya cha Welensky. Pa 3 March 1959 azungu anamumanga n'kukamutsekera ku Gwelo. Pa 6 July 1964 tinalandira ufulu. Yunivesite ya Malawi inatsegulidwa iye ali pampando. Likulu limene anawa akupitako analisamutsa ndi iye kuchoka ku Zomba mu 1975, pamene panali thengo. Msewu wa m'mbali mwa nyanja umene tikudzerawu ndi wa nthawi yake. Mlimi ankadziwa kuti akakolola, msika wa ADMARC uli pafupi ndipo sikelo yake ndi yoona. Mwana wa sukulu ankaopa mphunzitsi. Kodi zimenezi tizifufute? Ndalama ya K1,000 imene Shakira adzagulire mandasi panjira ili ndi nkhope yake yomweyo.

Agogo a Shakira:
Ndalamayo sindiigwadira, bambo. Ndimagulira mchere.

Make Fatuma:
Eeee agogo mwayankha!

Bambo a Chisomo:
Sekani, koma funso langa lilipobe. Mwana amene akalembe mayeso a Fomu 4 chaka chamawa asadziwe mtsogoleri woyamba wa dziko lake?

Bambo a Idrissa:
Achimwene, kudziwa ndi kupembedza n'zosiyana. Inu munali mu ofesi, kadi lanu ankadula kumalipiro mwina. Ife mayi athu ankabwezedwa pakhomo pa msika chifukwa chosowa kadi la chipani, nsomba n'kuwolera m'dengu. Kukwera basi, kadi. Achinyamata a malaya ofiira aja ataima pakhomo. A Mboni za Yehova anawaletsa mu 1967, ndipo chifukwa chokana kugula kadi ambiri anathawira ku Mozambique ndi ku Zambia. Zimenezo pazipilala zija sanalembepo.

Aphunzitsi a Mbiri:
Makolo, ndiloleni nditalikitseko pang'ono, chifukwa apa mwafika pa phunziro langa lenileni, ndipo zimene agogo anenazi si nkhani yapambali ayi. Zili m'mbiri ya dziko lino ndipo ana amaziphunzira.

Henry Masauko Chipembere anali mwana wa kuno, bambo ake anali wansembe wa Anglican ku Malindi. Iye pamodzi ndi anzake monga Kanyama Chiume ndi amene analimbikira kuti Dr Banda abwere kudzatsogolera chipani cha Nyasaland African Congress. Ku Gwelo Chipembere anamangidwa limodzi ndi Dr Banda. Ufulu utabwera anali nduna ya maphunziro. Sipanathe ndi miyezi itatu yomwe, mu September 1964, nduna zinasemphana ndi Kamuzu. Zinkadandaula za ndalama ya tiki imene odwala ankati azilipira kuchipatala, za kuchedwa kupereka maudindo a m'boma kwa Amalawi, za ubale ndi Apwitikizi a ku Mozambique, komanso zoti iye ankalamula yekha osafunsa anzake. Kamuzu anachotsa Orton Chirwa, Chiume ndi Augustine Bwanausi, ena anatula okha pansi udindo. Chipembere anali ku Canada, atabwerera anagwirizana ndi anzakewo. Anzake anathawira kunja, iye anabwerera kwawo ku Malindi.

Usiku wa pa 12 February 1965 iye ndi anthu ake analowa pa Boma pano, nthawi imeneyo pakutchedwa Fort Johnston, analanda mfuti kupolisi n'kuyamba ulendo wa ku Zomba. Atafika pa Liwonde anapeza pantoni ili tsidya lina la Shire, ndipo asilikali a boma anafika iwo asanawoloke. Zinathera pamenepo. Chimene chinatsatira ndi chimene agogo akunenachi: midzi yoganiziridwa kuti inkawadyetsa kapena kuwabisa inalangidwa. Medson Silombela, mmodzi wa otsogolera, anapachikidwa ku ndende ya Zomba mu 1966 anthu oitanidwa akuonerera. Anthu a m'mudzi wa Moto anatengedwa ambirimbiri kupita kundende popanda kuzengedwa mlandu. Dzaleka imene ana athu amaidziwa ngati msasa wa othawa kwawo inali ndende ya andale. Chipembere mwiniyo anamwalirira ku Los Angeles mu 1975, sanapondenso kwawo.

Ndiye ine ngati mphunzitsi sindikutengera ana ku Lilongwe kukagwada. Ndikufuna akaone mmene boma limasankhira chokumbukira. Kamuzu anamwalira pa 25 November 1997 ku Johannesburg, anaikidwa ku Lilongwe mu December. Nthawi ya a Muluzi dzina lake linkachotsedwa m'malo ambiri: bwalo la masewero ku Blantyre linasanduka Chichiri Stadium, msewu waukulu wa mumzindamo unapatsidwa dzina la Chipembere. A Bingu atalowa mu 2004 mayina ena anabwezeretsedwa, ndipo chilizachi anachitsegulira ndi iwo pa 14 May 2006. Munthu yemweyo, zaka khumi zokha, maboma awiri, nkhope ziwiri. Mwana akaona chilizacho n'kufunsa kuti anachimanga ndani, liti, ndipo ankafuna chiyani, ndiye kuti K45,000 yanu yagwira ntchito.

Mayi a Tadala (Msungichuma):
Aphunzitsi mwatiphunzitsa ndi ife tomwe. Za pantoni ya pa Liwonde ine ndinkangomva kuti "anabwerera pa Liwonde" osadziwa chifukwa.

Agogo a Shakira:
Mwalongosola bwino mwana wanga, ndipo mayina mwawatchula osanjenjemera, zikomo. Koma inu mudzakhala mmodzi, ana makumi asanu. Wolankhula pamenepo adzakhala woperekeza wa pamalopo. Mwana amakhulupirira chimene waona chonyezimira kuposa chimene wamva m'kalasi masana ali ndi njala.

Malume a Yamikani:
Apo agogo akunena zoona ndithu. Amene anatiperekeza ife anafotokoza za ubwana wake ku Kasungu, za ulendo wake wapansi wopita kummwera kukafuna ntchito ndi maphunziro, za udokotala ku America ndi ku Britain, za Ghana, za kuphwanya chitaganya. Za Mwanza sanatchule. Mlendo wanga wina atafunsa, anangoti munthu aliyense ali ndi zofooka zake, n'kupitiriza za zipilala. Sindikumuda, ndi ntchito yake, ndipo mwina woperekeza wina amanena zambiri. Koma mwana wosadziwa kanthu akhoza kutulukamo akuganiza kuti zaka 30 zonsezo kunali mtendere wokhawokha.

Make Fatuma:
Za Mwanza ndiye ziti? Ine ndinabadwa mochedwa, musandiseke.

Malume a Yamikani:
May 1983, achemwali. Nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, ndi phungu David Chiwanga. Boma linalengeza kuti afa pangozi ya galimoto ku Mwanza akuthawa. Matipate atabwera kafukufuku anapeza kuti anaphedwa ndi apolisi. Kamuzu ndi a John Tembo anazengedwa mlandu mu 1995, khoti linawapeza osalakwa.

Bambo a Chisomo:
Mwamva nokha, khoti linawapeza osalakwa. Ndipo onjezani kuti mu January 1996 mkuluyo anapepesa kwa mtundu wonse chifukwa cha zowawa zimene anthu anakumana nazo mu ulamuliro wake. Onjezaninso kuti mu 1993 analola riferendamu, anthu anasankha nyali kusiya tambala wakuda, iye anavomera. Mu 1994 atagonja kwa a Muluzi analankhula pa wailesi kuvomereza, osatumiza asilikali mumsewu. Atsogoleri angati mu Africa muno anachita zimenezo? Tikamauza ana, tiwauze zonse.

Bambo a Idrissa:
Analola kapena anakakamizidwa? Kalata ya mabishopu a Katolika ya pa 8 March 1992 mwaiiwala? Inasindikizidwa pa Balaka pompa, ndipo nyumba yosindikizirayo anaitentha. Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege. Mayiko othandiza anaimitsa ndalama. Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba chaka chomwecho. Mu December 1993 asilikali analanda zida za a Payoniya. Kunalibenso kothawira, achimwene.

Bambo a Chisomo:
Ena kothawira kukasowa amawombera anthu. Iye sanatero mu 1994. Ndi zokhazo ndikunena.

Bambo a Twaha:
Abale, tisasandutse gulu la makolo kukhala msonkhano wa chipani. Pano pali a Kongeresi, a UDF, a DPP, ena opanda mbali, koma ana athu amakhala pa desiki imodzi. Kwa ife Asilamu kupita kumanda si kulambira wakufayo, ndi kukumbuka kuti ngakhale amene ankatchedwa wamuyaya anagona pansi ngati wina aliyense. Anamulengeza pulezidenti wamuyaya mu 1971, lero ali m'chipinda chapansi. Ine Twaha apite akaone zimenezo. Koma mawu a amama a Shakira asatayidwe. Wopsa ndi moto sauzidwa kuti motowo unaphikanso nsima.

Mayi a Chikondi:
Ndakhala chete kuwerenga. Ine maganizo anga ndi ena. N'chifukwa chiyani tikuthamangira ku Lilongwe pamene ana omwewa sadziwa zimene zili pakhomo pawo? Tsiku lililonse amadutsa pa wotchi ya Mfumukazi Victoria pafupi ndi mlatho, afunseni kuti inamangidwa liti, ndi angati anganene kuti 1903? Mfuti yaikulu ili pamenepo ija inachokera pa sitima ya Guendolen, imene mu August 1914 inakawombera sitima ya Ajeremani kumpoto kwa nyanja yathu yomweyi nkhondo yoyamba itangoyamba. Pali mwala wokumbukira anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Nyumba yosungiramo zakale za nyanja ili pomwepo. Anyamata amangokhalapo kudikira makasitomala a kabaza. Ndipo taonani: mfumukazi ya ku England ili ndi nsanja pa Boma pathu, Kamuzu ali ndi chiliza ku likulu, a Bingu ali ndi Mpumulo wa Bata ku Ndata. Anthu a ku Moto ali ndi chiyani? Malume a agogowa ali ndi chiyani?

Make Fatuma:
Apa ndiye mwanena mayi. Ulendo wa pa Boma ndi waulere, ine ndavota umenewo!

Mayi a Chikondi:
Ayi Make Fatuma, sindikuti tisiye Lilongwe. Ndikuti tiyambe kuno. Loweruka lisanafike tsiku la ulendo, ana ayende wapansi kuchoka pa wotchi, aone malo amene nkhani ya 1965 inayambira, kenako awoloke mlatho apite ku Malindi akamve kwa anthu amene analipo. Akakafika pachilizapo adzakhala ali ndi mafunso awo m'thumba.

Aphunzitsi a Mbiri:
Mayi a Chikondi, ganizo limeneli ndalikonda kwambiri. Vuto ndi loti anthu amene anaona zimenezi atsala ochepa, ndipo ambiri safuna kulankhula. Ena mantha sanathebe, ena amati tinalankhula kale ku bwalo loona za chipepeso lija linakhazikitsidwa matipate atayamba, tinalembetsa mayina, ndipo zinathera m'mafayilo. Sindingakakamize munthu. Agogo a Shakira, sindikukupemphani pagulu kuti ndikuchititseni manyazi, mukhoza kukana.

Agogo a Shakira:
Ndamva. Ndiganize kaye. Nkhani zimenezi ngakhale ana anga obereka ndekha sindinawauze zonse.

Bambo a Chisomo:
Ngati ana akamve mbali imeneyo, ine ndikupempha mphindi zanganso. Ndiwauze mmene Capital Hill inamangidwira, mmene tinkasamukira kuchoka ku Zomba, mmene munthu wa boma ankaopera kuba ngakhale pensulo. Asakule akuganiza kuti agogo awo onse amene ankavina pamaso pake anali zitsiru kapena akapolo. Mayi anga anali a mbumba, ankavala nsalu ya nkhope yake monyadira, ndipo mpaka kumwalira ankati Kamuzu ndiye analetsa amuna kumenya akazi mwachisawawa.

Mayi a Tadala (Msungichuma):
Anga ankavinanso, koma ankati ukakana kukwera lole yopita kokavina, mwamuna wako ntchito yatha. Ankasiya mwana wa miyezi kwa apongozi. Onse awiri ankavina nyimbo imodzi, mitima yosiyana. Ndipo musaiwale lamulo la 1973 loletsa akazi kuvala buluku ndi siketi yaifupi. Atsikana athuwa akamva amaseka, amaona ngati nthano.

Bambo a Idrissa:
Ndi amuna tsitsi lalitali, ankakumeta pabwalo la ndege.

Bambo a Yohane:
Pepani ndalowa mochedwa, ndinali kunyanja. Ine ndikuona mosiyana ndi nonse. Ana awa ndi a zaka 16, 17. Tikufuna kuwasenzetsa mkwiyo wa 1965 kuti apite nawo kuti? Mawa akakhale ku koleji ndi mwana wa ku Kasungu kapena ku Dowa, azikamuyang'ana ngati mdani? Kale Mangochi tinkatchedwa boma la zigawenga, chitukuko chinkatilambalala, ana athu ankaopa kunena kwawo. Zinatha. Ine Yohane apite ku Lilongwe akajambulitse, abwere, awerenge za mayeso. Za Malindi ine ayi.

Mayi a Chikondi:
Bambo a Yohane, mwanena nokha kuti tinkatchedwa boma la zigawenga. Mwana wanu akadzamva mawu amenewo kwa munthu wina kunja uko, osadziwa chiyambi chake, adzayankha chiyani? Ndipo ozunzika sanali a Mangochi okha. Gadama anali wa ku Kasungu komweko, Sangala wa ku Dedza. Aphunzitsi a kumpoto anathamangitsidwa kubwerera kwawo mu 1989. Nkhaniyi si ya Ayao ndi Achewa.

Bambo a Yohane:
Ndamva mayi, koma maganizo anga sanasinthe. Aliyense ndi mwana wake.

Aphunzitsi a Mbiri:
Palibe vuto bambo. Za Loweruka zikhala za amene makolo awo alola, sitidzalemba mayina a osabwera. Ndipo nkhawa yanu ndaisunga: amene adzalankhule ndi ana ndidzayamba ndakhala nawo pansi. Sitikufuna kutukwana munthu kapena mtundu, tikufuna zimene anaona.

Malume a Yamikani:
Kuno ndikuthandizani. Ndikapita ndekha kuchilizako sabata ino kukafunsa ngati gulu la ana asukulu liyenera kudziwitsa pasadakhale, komanso ngati angalole aphunzitsi kulankhula okha ndi ana pabwalo paja woperekeza akamaliza. Pa chiboliboli paja palibe vuto, ndi pabwalo, mudzamuona atavala suti yake, ndodo ndi litchowa m'manja. Nsanja ya asilikali ili pomwepo, ndipo kumeneko ana akaonenso kuti Amalawi anafa pa nkhondo za azungu. Langizo lina: June ndi July kuno kumazizira zenizeni, si za kunyanja ayi. Aliyense juzi ndi bulangeti. Ana a ku Mangochi amafika kuno ndi malaya amodzi n'kumanjenjemera pa depoti.

Make Fatuma:
Ndiye juzinso ndigule? Mwandipha.

Mayi a Tadala (Msungichuma):
Kaunjika alipo Make Fatuma. Ndipo za ndalama tingathe kugawa pawiri, K25,000 pofika pa 15, yotsalayo kumapeto kwa mwezi. Amene zavuta kwambiri andipeze kumbali, komiti ili ndi kochepa kotsala pa ndalama za njerwa zija, tikhoza kuthandiza ana atatu kapena anayi ngati makolo onse avomera.

Bambo a Twaha:
Ine ndavomera.

Bambo a Chisomo:
Ndavomera, ndipo ndilipirira mwana mmodzi wamasiye. Dzina musanditchulire, mungosankha.

Agogo a Shakira:
Ndabweranso. Ndalankhula ndi mng'ono wanga amene akadali kumudzi. Akuti abwere anawo, koma osati kusukulu kapena kutchalitchi, abwere pakhomo pake, akhale pamphasa. Osajambula ndi mafoni. Tidzanena zimene tinaona ife, za ena sitidzawanenera. Bambo a Chisomo mubwere nanunso, mudzalankhule zanu ife tikamaliza, koma mudzayambe mwamva. Za Shakira ndamufunsa mwiniwake. Akuti akufuna akalowe, akafunse woperekezayo ngati anamvapo za mudzi wa Moto. Ndamuuza kuti akafunse mwaulemu, ndipo akamuyankha zozungulira asakakangane naye. Koma maluwa asakaike, ndipo pachithunzi cha gulu pamasitepe paja asakakhalepo. Pamenepo sindisintha.

Aphunzitsi a Mbiri:
Zikomo kwambiri agogo. Maluwa sitinakonze n'komwe, ndipo chithunzi ndi cha ofuna okha.

Bambo a Chisomo:
Ndidzabwera, amama. Ndidzakhala kumbuyo.

Bambo a Yohane:
Wanga ku Malindi sapita monga ndanenera, koma ya Lilongwe ndilipira Lolemba.

Bambo a Idrissa:
Za ku Malindi minibasi yanga ilipo, mungothira mafuta, maulendo awiri ana onse afika. Koma ya Lilongwe pezani basi yaikulu ya mabuleki abwino, ndipo mwini wake ndikufuna ndimuone ndekha tisanapereke chikole. Aja munabwereka chaka chatha popita ku Zomba aja ayi.

Mayi a Tadala (Msungichuma):
Chabwino. Amene mukutumiza pa foni onjezani yochotsera, ndipo mulembe dzina la mwana, osati lanu. Mwezi watha ndinavutika ndi ma "Bambo a Junior" atatu. Make Fatuma, mwalowa kapena ayi? Ndikufuna chiwerengero mawa m'mawa kuti Che Idrissa adziwe kukula kwa basi.

Make Fatuma:
Lembani. Mwera ukaleka Lachisanu ndibweretsa theka.